Tsiku Limene Nynke Analumphira M'ngalande

Ndinagwira ntchito yoyeza madzi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. M'mawa uliwonse ndinkakwera njinga kuzungulira ngalande za m'dera lathu la Friesland, kuima paliponse pamene pali ndodo yoyezera, n'kulemba nambala m'kabuku kobiriwira. Madzi akakwera ndi chala chimodzi chokha pankafunika munthu woti adziwe, ndipo munthuyo ndinali ine. Nditapuma pantchito ndinatsala ndi timabuku tisanu tosalembamo. Sindinkaganiza kuti kamodzi mwa timabukuto ndidzayezeramo mdzukulu wanga.

Dzina lake ndi Nynke. Chaka chimenecho anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ake, Hiske, ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Hiske amayendetsa basi, ndipo kuyambira pamene anasiyana ndi mwamuna wake, Nynke akaweruka kusukulu ankabwera kwa ine.

Mwanayo anali wovuta, sindingabise. Kusukulu anaponya mpando chifukwa mnzake anamulanda pensulo yofiira. Masiku ena ankadzuka folo koloko m'mawa n'kuyamba kuimba. Akayamba kulankhula sankapuma. Ankati ng'ombe zonse za kwa a Dijkstra ndi zake, iye ndi mfumukazi yawo, ndipo tsiku lina adzazitsogolera mpaka ku Amsterdam. Pakangopita ola limodzi umamupeza pansi pa tebulo akulira kuti palibe amene amamukonda.

Aphunzitsi ake analembera kalata adokotala athu, adokotalawo n'kutitumiza mumzinda, kuchipatala cha ana choona za maganizo. Kumeneko anamuona mwanayo kawiri, kenako anatipatsa tsiku lodzamva maganizo awo pakatha masabata asanu ndi limodzi. Anatipatsanso pepala loti tizilembapo tsiku ndi tsiku mmene mwana wakhalira: ziro ngati ali bwinobwino, kukwera mpaka pa zitatu ngati wasangalala mopyola muyeso, kutsika mpaka pa zitatu ngati wakhumudwa kwambiri. Pamwamba pa pepalalo panali dzina la zimene ankafufuza: baipola, matenda amene amamukweza munthu m'mwamba, kenako n'kumugwetsera m'dzenje.

Hiske analiyang'ana pepalalo n'kulikankhira kwa ine.

"Izi ndiye zanu, Ababa. Inu paja mumalemba ngakhale tsiku limene mwasintha batire ya wotchi."

Ndinavomera. Sindinamuuze kuti matendawo sanali achilendo kwa ine.

Mkazi wanga, Renske, anadwala matenda amenewa zaka khumi ndi ziwiri. M'tauni yaing'ono ngati yathu zoterezi sitinkazitchula. Tinkangoti Renske watopa. Chaka china, maluwa atangoyamba kuphukira, anapenta nyumba yonse utoto wachikasu m'masiku awiri, osagona, mpaka zitseko za makabati. Chaka china anatuluka panja atavala diresi lopyapyala la m'chilimwe chipale chofewa chikugwa, akuseka, akuti kuzizira sikungamuchite kanthu. Zikatha zimenezo ankagona masabata angapo makatani ali otseka, ndipo anansi ankadutsa akuyang'ana zenera lathu, poti nyumba yotseka makatani masana ndiye kuti muli nkhani. Anamwalira mu Febuluwale, Hiske ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anamupeza m'ngalande ya kuseri kwa fakitale ya mkaka, nsapato zili kumapazi. Ine ndinauza mwana kuti amayi ake anaterereka pamlatho woundana. Ndinanena zimenezi kamodzi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sitinazikambenso.

Pepala la kuchipatala linali ndi timabokosi ting'onoting'ono, choncho ndinatenga kabuku kobiriwira. Ndinayamba kumuyang'ana mwanayo monga ndinkayang'anira ndodo za m'ngalande: ndili chete, ndili chapatali pang'ono. Akaseka kwambiri patebulo ndinkayang'ana wotchi. Sizinamutengere nthawi kuti azindikire.

"Agogo, lero ndapeza zingati?"

"Awa si mayeso."

"Ndiye mukubisiranji ndi dzanja? Mukulemba kuti ndine wopusa eti?"

"Ndikulemba kuti wasiyanso makoko a buledi."

"Bodza! Makutu anu afiira. Mukanama makutu anu amafiira ngati soseji."

Lachitatu lililonse masana ndinkapita naye kudziwe losambirira la m'tauni. Ankakonzekera mayeso a satifiketi yoyamba yosambira. Mphunzitsi wawo, Jelle, anapatsa ana kapepala ka zinthu zoti azibwera nazo pokonzekera mayesowo, m'chikwama chapadera. Kapepalako ndinakawerenga kamodzi, kukamata pa firiji, kenako pamwamba pake ndinamatapo ndandanda ya masiku otolera zinyalala. Masabata atatu otsatizana chikwama chapaderacho chinatsala kunyumba. Ine ndinkadikira m'chipinda cha khofi ndi nyuzipepala, ndipo Nynke ankatuluka atakwinya nkhope. Zimenezo ndinkazilemba kuti chimodzi, pansi.

Zinachitika Lachitatu la sabata lachisanu, mu Okutobala, titangobwerako kosambira. Kunja kunali kamphepo kozizira kochokera kunyanja. Ndinali m'kashedi ndikukonza tcheni cha njinga yake. Nditatukula mutu ndinamuona akudutsa pa kapinga atavala kabudula, malaya a manja aafupi ndi nsapato zake zoyera. Zovala za m'chilimwe. Sankathamanga. Anayenda mpaka pa thabwa la kuseri kwa nyumba limene anansi amamangirirapo bwato lawo, anaima pang'ono, n'kulumphira m'ngalande.

Sindikumbukira mmene ndinafikira pamenepo. Ndimakumbukira kuti madzi anandifika m'chifuwa, ndiponso kuti matope anandivula nsapato imodzi. Ndinamugwira pa kolala. Iye ankapalasa madzi ndi miyendo, mano akugundana, akuseka.

"Ndisiyeni, Agogo! Ndikutha! Taonani, ndikutha!"

Ndinamunyamula kulowa naye m'nyumba, kumusambitsa madzi otentha, kumufunditsa bulangeti, n'kumutenthetsera mkaka wa chokoleti. Sindinamukalipire. Sindinamufunsenso chilichonse, chifukwa ndinkaona ngati yankho ndikulidziwa kale. Kenako ndinatsegula kabuku n'kulemba kuti: Zitatu, m'mwamba. Wavala zovala za m'chilimwe kukuzizira. Walowa m'ngalande nsapato zili kumapazi. Akuseka. Akuti madzi sangamuchite kanthu.

Hiske anafika sikisi koloko atavala yunifomu yake. Ndinamupatsa kabukuko. Anawerenga ali chiimire, kenako anakhala pa masitepe, jekete ili m'thupi.

"Ndatopa, Ababa," anatero motsitsa mawu kuti mwana asamve. "Ngati chinthuchi chili ndi dzina, atiuze. Ngati chili ndi mankhwala, atipatse. Mukudziwa kuti chaka chino palibe mnzake ndi mmodzi yemwe amene wamuitana kuphwando la tsiku lobadwa? Ine foni ikalira ndili pa chiwongolero, mtima umangoti phaa, ndikudziwa kuti ndi kusukulu. Ndiye lero ngalande. Mawa chidzakhala chiyani, njanji?"

Ndinagwirizana naye. Ndi Renske tinadikira zaka zambiri tisanapite kwa dokotala, aliyense akuti zitha zokha. Kuyambira tsiku limenelo nanenso ndinkafuna dzina ndi mankhwala, ndipo ndinkadziwa kuti ndili ndi chinthu chimene chingawakankhe madokotala kuti atipatse.

Tsiku lopita kuchipatala linali Lachiwiri lotsatira. Ndinafika kwa Hiske m'mawa, tinakhala pa khofi Nynke akuvala m'chipinda cha pamwamba. Patebulo panali fomu ya mbiri ya banja. Pa funso loti kodi m'banjamo muli amene anadwalapo matenda a maganizo, Hiske anali atalemba kuti ayi.

"Apa walakwitsa," ndinatero, ndikuloza ndi chala.

"Pati?"

"Amayi ako."

Ndinafotokoza mwachidule, ndikuyang'ana kapu. Ndinatchula matendawo, zaka zimene anadwala, mankhwala amene ankamwa n'kumasiya. Ndinanena kuti sanaterereke.

Hiske anatenga bisiketi m'chitini, anaiyang'ana, n'kuibwezeramo.

"Mlatho uja uli ndi zitsulo mbali zonse ziwiri, zofika m'chiuno mwa munthu wamkulu," anatero. "Ndinakaziyeza ndi tepi yanu ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi."

"Sunanene."

"Ndikanauza ndani? Inu?" Anatenga cholembera n'kufufuta ayi uja. "Zaka zonsezi, Ababa, n'kudzasankha lero, sitima yopita mumzinda itatsala mphindi khumi kunyamuka."

Madokotala anali awiri. A Brandsma anali bambo wa zaka ngati makumi anayi, amene anaphunzirako zaka zingapo ku America. A Veldkamp anali mayi wa imvi wotsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo miyendo ya buluku lawo inali yonyowa chifukwa anabwera pa njinga mvula ikugwa. Nynke anamusiya m'chipinda choyandikana nacho, mmene munali mapepala ndi makrayoni.

A Brandsma ndi amene anayamba kuwerenga kabuku kanga.

"Bambo Terpstra, ichi ndiye chuma," anatero. "Makolo ambiri amadzaza masiku onse nthawi imodzi, ali m'galimoto panja apo."

Atafika pa tsamba la ngalande anasiya kumwetulira. Anawerenga kawiri, n'kuyang'ana fomu imene Hiske anakonza.

"Ndinene mmene ndikuonera. Agogo ake aakazi anali ndi matendawa. Mwanayu sagona mokwanira, amakwiya mpaka kuponya zinthu, amadziona ngati mfumukazi, ndipo tsopano wachita chinthu choika moyo wake pachiswe. Kumene ndinaphunzira, mwana wotere sakanamubweza chimanjamanja. Ndinaonako achinyamata amene anafika kwa ife ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, atavutika kuyambira ali aang'ono, aliyense akungoti akakula asintha. Ena anafika mochedwa. Ine ndikanakonda tiyambe mankhwala pang'ono, tione."

Ndinamva Hiske akuusa moyo. Inenso ndinagwedeza mutu.

"Ine ndinaonanso ana," anatero a Veldkamp, akupukuta magalasi ndi mpango. "Ana a zaka zisanu ndi ziwiri atanenepa moti mayi awo sangawanyamule, akuodzera m'kalasi, ali ndi mabotolo atatu a mankhwala ndi dzina limene palibe dokotala amalimba mtima kulifufuta. Mfumukazi ya ng'ombe? Mdzukulu wanga amayendetsa roketi kupita kumwezi Lamlungu lililonse, ndipo sindinamupatsepo kanthu."

"Mdzukulu wanu sanalumphire m'ngalande mu Okutobala," anatero a Brandsma.

"Ayi, sanalumphire. Tandipatseni kabukuko."

Anatembenuza masamba pang'onopang'ono, akunyowetsa chala ndi malovu.

"Bambo Terpstra, pepani kuti ndikufunseni za akazi anu. Iwo akakwera m'mwamba zinkatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata awiri, atatu. Kamodzi zinatha mwezi."

"Ankagona?"

"Maola awiri. Ndipo sankatopa."

"Nanga mwanayu akadzuka folo koloko, madzulo amakhala bwanji?"

"Amalira ndi chilichonse," anayankha Hiske. "Pofika sikisi amakhala akuodzera pa mbale."

"Ndiye kuti iye amatopa." A Veldkamp analoza tsamba lina. "Apa mwalemba ziwiri m'mwamba thu koloko, ziwiri pansi folo koloko, ziro pa chakudya chamadzulo. Tsiku limodzi limenelo. Izi sizikufanana ndi za akazi anu."

"Kwa ana zimatha kusinthasintha mofulumira chonchi," anatero a Brandsma. "Alipo akatswiri amene amatero."

"Alipo, ndipo aliponso amene amati zimenezo ndi matenda ena, kapena ndi mwana chabe amene bambo ake anachoka pakhomo. Ine ndi inu takangana zimenezi pa khofi zaka zinayi, ndipo khofi yekha ndi amene watha." A Veldkamp anabwerera pa tsamba la ngalande. "Koma ili likundivuta nanenso. Mwanayo akuti analumphiranji?"

Anayang'ana ine.

"Sindinamufunse," ndinatero.

"Nanga inu, mayi?"

"Ndinkaopa kumukumbutsa," anatero Hiske.

A Veldkamp anadzuka okha kukamutenga. Nynke analowa zala zili bii ndi makrayoni, n'kukwera pampando waukulu, miyendo ikulendewera. Adokotalawo anakhala pakampando ka ana, mawondo akulira.

"Nynke, ndamva kuti unasambira m'ngalande. Madzi ake anali bwanji?"

"Onunkha. Abakha amachitiramo chimbudzi."

"Nanga unaloweranji?"

Mwanayo anatiyang'ana tonse anayi ngati anthu osamvetsa zinthu.

"Kuyeserera, nanga n'chiyani! Mayeso ndi Loweruka likubwerali. Umalumpha utavala malaya, kabudula ndi nsapato, n'kuyandama mpaka a Jelle awerenge fifitini. Anzanga onse ayeserera katatu. Ine ndimangokhala pabenchi ngati chidole chifukwa agogo amaiwala chikwama cha zovala. Amaiwala nthawi zonse! Ndiye nsapato ya Sietse inavuka m'madzi, ana onse anamuseka. Ine sindikufuna kusekedwa. Ndimafuna ndione ngati zanga zikuvuka."

"Zinavuka?"

"Ayi. Ya agogo ndi imene inavuka."

A Veldkamp anamuthokoza n'kumubwezera ku makrayoni ake.

Munthu aliyense wa dziko lino amadziwa kuti mayeso osambira amayamba ndi kulumpha utavala. Mwana sagwera m'ngalande atavala zosambirira. Ine ndinachita mayeso amenewo ndili mwana. Hiske ndinamuperekeza ndine, amayi ake akanali moyo. Kapepala ka pa firiji kanali ndi zinthu zitatu: malaya a manja aafupi, kabudula, nsapato. Mwanayo anavala ndendende zimene analamulidwa. Ine ndinaona diresi la m'chilimwe m'chipale chofewa.

"Sindinkaiwala," ndinatero chitseko chitatsekeka. Mawu anga anatuluka okhazikika, ngati ndikupereka lipoti la madzi. "Lachitatu loyamba ndinalongedza zonse. Ndinaika nsapato zoyerazo m'chikwama, ndinafika nacho pakhomo, n'kuchisiya pansi pa masitepe. Sindikanatha kumuona akulowa m'madzi nsapato zili kumapazi."

Hiske sanandiyang'ane.

"Palinso china. Mzere womaliza pa tsambalo, wakuti madzi sangamuchite kanthu. Sananene iye. Iye anangoti ndikutha. Mawu amenewo ndi a mkazi wanga. Muwafufute."

A Brandsma anatseka kabukuko mosamala n'kuika dzanja pamwamba pake.

"Nkhani ya ngalande yasintha, ndikuvomera," anatero. "Koma nkhani ya agogo ake aakazi sinasinthe. Mpando uja anauponyadi. Folo koloko amadzukadi."

"Zoona," anatero a Veldkamp. "Ndipo n'chifukwa chake sitimutaya. Koma dzina lero ayi. Mankhwala lero ayi."

Anafotokoza zimene zichitike. Mwanayo azibwera kwa mlangizi sabata iliyonse kuti aphunzire chochita mkwiyo ukamamugwira. Hiske adzathandizidwa pa nkhani ya kugona. Madokotalawo adzalankhula ndi aphunzitsi. Miyezi itatu iliyonse tizibweranso, ndipo akamadzayandikira kutha msinkhu adzamuyang'anitsitsa kwambiri, poti matendawa akakhalapo nthawi zambiri amaonekera bwino pamenepo.

Hiske anamvetsera mpaka kumapeto, manja atapinda pachifuwa.

"Ndiye ndibwerere kunyumba ndi chiyani, Adokotala? Mawa folo koloko adzuka akuimba. Lolemba aphunzitsi andiimbira foni ndili ndi anthu makumi anayi m'basi. Ndiziwauza chiyani? Kuti madokotala akukanganabe?"

"Muziwauza zimenezo, chifukwa ndi zoona," anayankha a Veldkamp. "Sindikukulonjezani kuti mwana wanu alibe matendawa. Sindikudziwa. Mwina akadzafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mudzakhala m'chipinda chomwe chino, a Brandsma n'kumati ndinanena ine. Koma dzina limeneli akalitenga lero adzayenda nalo kusukulu iliyonse ndi kwa dokotala aliyense, ndipo akadzakwiya pa chifukwa chomveka anthu azidzangoti ndi matenda aja. Pa zimene ndaona lero, ine sindingasaine."

"Ndidzakukumbutsanidi," anatero a Brandsma. "Ngakhale kunyumba ya okalamba ndidzakupezani."

"Mudzabwere ndi keke."

Palibe amene anaseka kwenikweni. A Veldkamp anandibwezera kabuku kanga.

"Mupitirize kulemba, bambo Terpstra. Muli ndi dzanja labwino. Koma manambala asiyeni. Muzilemba chimene chachitika, chimene chinachitika chisanachitike, ndi chimene mwanayo wanena mutamufunsa."

M'sitima Nynke anagona mutu uli pa ntchafu za mayi ake. Kunja mvula inali ikugwabe, ngalande zitadzaza mpaka m'milomo. Tinadutsa masiteshoni awiri.

"Tikanamupatsa mankhwala," anatero Hiske, akuyang'ana pa zenera. "Ine ndikanasaina lero lomwe."

"Inenso ndikanakuuza kuti usaine."

"Ndipo mwina tidzasainabe."

"Mwina."

Hiske anakonza tsitsi la mwanayo limene linagwera pankhope.

"Lamlungu ndibwera ndekha. Mudzandiuze za nyumba yachikasu ija. Ndimakumbukira utoto uli m'tsitsi mwawo, basi. Mudzandiuze zonse, osati mwachidule ngati mmene munachitira m'mawa."

Ndinati ndidzayesa.

Loweruka ndinalongedza chikwama ndine. Ndinachotsa ndandanda ya zinyalala pa firiji n'kuwerenga kapepala kaja mzere ndi mzere. Malaya a manja aafupi. Kabudula. Nsapato zoyera zinali zitauma pafupi ndi chotenthetsera nyumba, koma m'mbali mwake munatsala mzere wobiriwira wa madzi a m'ngalande. Ndinaziika pamwamba, ndinatseka zipi, ndipo chikwamacho ndinachikoleka pa njinga nthawi yomweyo kuti chisakhalenso pansi pa masitepe.

Kudziwe kunali kotentha ndi kwaphokoso. Makolo ndi azigogo tinakhala pa mabenchi m'mbali mwa madzi, tonse titakuta nsapato zathu ndi timapulasitiki ta buluu, ena atanyamula maluwa. Ana anatuluka pa mzere atavala, akuoneka ngati akupita kokagula buledi. Nynke anali wachinayi. Anandifunafuna ndi maso, atandipeza anandilozera nsapato zake.

Jelle analiza wezulo. Woyamba analumpha, wachiwiri, wachitatu. Nynke anafika m'mphepete, anaima pang'ono monga anaimira pa thabwa paja, n'kulumpha.

Madzi anamuphimba. Ndinaona malaya ake akufufuma pansi, ndi nsapato ziwiri zoyera. Ndinawerenga, poti ndi zimene ndimadziwa. Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Ndinamva dzanja la Hiske litagwira mkono wa jekete yanga. Sindikudziwa ngati ankandigwira ine kapena ankadzigwira yekha. Pa zinayi mutu unatulukira, tsitsi litamatirira kumaso, pakamwa pali yasa. Jelle anawerenga mpaka fifitini mokweza. Mwanayo anasambira mpaka kukhoma, anagwira m'mphepete, n'kutukula phazi limodzi m'mwamba kuti tione.

Tinabwerera kunyumba kwanga cha m'ma fili koloko. Hiske anapita kukagula keke. Nynke anatulutsa satifiketi yake m'chikwama, n'kupeza kuti kona imodzi yapindika ndipo yanyowa. Anakuwa mpaka galu wa anansi anayamba kuuwa. Anaponya satifiketiyo pansi, anamenya chitseko cha kabati ndi phazi, n'kulowa pansi pa tebulo, akuti tsiku lonse lawonongeka ndipo sadzasambiranso mpaka kalekale.

Ndinayang'ana wotchi kamodzi, mwachizolowezi. Kenako ndinatenga kabuku kobiriwira, ndinagwira mpando, n'kutsika mpaka pansi. Mawondo anga sakonda zimenezi. Ndinakhala pafupi ndi mwendo wa tebulo n'kudikira mpaka kulira kunasanduka kufwenthera.

"Lero tilembe chiyani?" ndinamufunsa.

Anandiyang'ana mokayikira.

"Ndine ndinene?"

"Iweyo."

Anaganiza kwakanthawi, akupukuta mphuno ndi mkono.

"Lembani kuti nsapato sizinavuke."

Ndinalemba.

"Nanga za satifiketiyi?"

"Lembani kuti ndinu mwaipinda. Munaiika m'chikwama cha zovala zonyowa. Ndinakuuzani kuti muigwire m'manja, inu osamva."

Zinali zoona, anandiuzadi tili pakhomo la dziwe. Ndinalemba zimenezonso, ndi mawu ake omwewo. Iye anasendera pafupi kuti aone ngati sindikunama, n'kuyang'ana makutu anga. Pamwamba pa tsamba ndinalembapo deti. Malo a nambala ndinawasiya opanda kanthu.